Nyemba za m'thumba la bambo anu

Ana anga, mwaswera bwanji uko? Akulemba ndi apongozi anga aMariya, koma mawu ndi anga.

Lero makina ochapira munandigulira aja anakana kutulutsa madzi. Amangolira ngati ng'ombe yomangidwa, madzi ali tho m'kati. M'menemo munali kazako ija, jekete ankavala malemu bambo anu kukazizira, imene tinagwirizana kuti ipite kwa ang'ono awo ku Domwe. Ndimati ndiichape kaye.

Tinaongola paipi ya kumbuyo, osatheka. Ndiye aMariya anati, "Amayi, bweretsani beseni, titsegule kachitseko kapansika." Atangopotokola chotsekera, madzi khuthu! Pamodzi ndi madziwo panatuluka nyemba zofufuma, zodzaza dzanja.

Ndinangokhala pansi ponyowa pomwepo. Paja bambo anu akaona nyemba zabwino pamsika wa Ulongwe ankapempha zambewu n'kuponya m'thumba la kazakoyo, ine n'kumawakalipira. Thumbalo linabooka, nyemba n'kubisala m'kati mwa nsalu.

Makina akuchapa tsopano. Nyembazo ndakabzala kudimba, kaya zimera zitamwa sopo chonchi, kaya.

Koma kazakoyo ndikaiona pachingwe, manja ali lende, ndikungoti bambo anu aima pabwalo. Kodi ndingalakwe nditaisunga mpaka nyembazi zimere? Tandiuzani.