Wogulitsa Nyama Ataonda

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinaima kuseri kwa kaunta ya butchala ina ku Chawama, pafupi ndi pokwerera maminibasi. Ndinali munthu wonenepa kwambiri, moti epuloni yanga inkachita kusokedwa kwa telala chifukwa zogula m'sitolo zingwe zake sizinkakumana kumsana. Eni butchalayo, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi, ankakonda kundiloza pamaso pa ogula n'kunena kuti, "Onani chabe mudala uyu, nyama yathu siinama." Anthu ankaseka, inenso n'kumaseka nawo. Pantchito ndinkawatcha abwana, kutchalitchi anali adikoni, koma tikakhala awiri tinkaitanana achimwene, poti makolo athu tonse anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito kuno.

Mkazi wanga anamwalira zaka zinayi ndisanachitidwe opaleshoni. Anagwa pampopi m'mawa akutunga madzi, mtsempha wa m'mutu utaphulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Galimoto imene inamunyamula kupita kuchipatala inali ya abwana, ndipo woyendetsa anali iwo eni. Zimene adotolo ananena tsikulo tinazimva tonse awiri, titaima pakhonde limodzi.

Nditatsala ndekha ndinasiya kuphika. Ndinkadya zootcha za pakhomo pa butchala, m'mawa ndi masana, thupi n'kumangowonjezeka. Kenaka inabwera shuga, mawondo anayamba kukana, ndipo ndikagona mpweya unkaduka mpaka kudzidzimuka. Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino kunja kwa dziko lino, ndiye anakonza zonse ndi chipatala china cha m'tauni kuti andichepetse chifu. Ndinakana kwa chaka chathunthu. Ndinavomera tsiku limene anandifunsa pafoni ngati ndikufuna kuti aike m'manda makolo onse awiri asanafike zaka makumi atatu.

Popeza mwanayo anali kutali, amene anandiperekeza kuchipatala anali abwana. Anakhala pampando pambali panga pamene adotolo ankajambula chifu papepala ndi kusonyeza mbali imene achotse. Anafunsanso okha kuti ndidzabwerera liti kuntchito. Adotolo anati wogwira ntchito yokhala pansi akhoza kubwerera pakatha milungu inayi, koma wonyamula miyendo ya ng'ombe adikire miyezi iwiri. Anatichenjezanso kuti ndidzapitiriza kuonda kwa chaka kapena kuposa, ndipo ndizidzamwa mavitamini moyo wanga wonse. Tisanasiyane abwana anandigwira dzanja n'kupemphera. Ine ndinawapempha chinthu chimodzi, chakuti asauze anthu. Ndinkachita manyazi. Ku komboni, kumene ena amagona ndi njala, munthu ungayambire pati kufotokoza kuti unapita kuchipatala kuti uzidya pang'ono?

Miyezi iwiri ya kunyumba inali yaitali. Milungu iwiri yoyamba ndinkangomwa zamadzimadzi, supuni imodziimodzi, ndipo kapu ya tiyi inkazizira ndisanaifikitse pakati. Kenaka ndinayamba phala losefa, mbatata yofinya, dzira lofewa. Ndikafulumira kumeza zonse zinkabwerera. Pamimba panali timabala tisanu ting'onoting'ono, koma kufooka kwake kunali ngati andiduladula thupi lonse. Adotolo anandilamula kuyenda, choncho m'mawa uliwonse ndinkapita mpaka ku msewu wa Kafue n'kubwerera, tsiku lililonse kuwonjezako nyumba zingapo. Ndinayamba kumva kuzizira ngakhale mu Okutobala. Lamba ndinamuboola mabowo atsopano ndi msomali kawiri. Koma shuga inatsika, ndipo tsiku lina ndinagwada popemphera n'kudzuka osagwira mpando. Ndinalira ndili ndekha m'chipinda, poti ndinali nditaiwala kuti zimenezo zimatheka.

Tsiku lobwerera kuntchito ndinafika butchala isanatsegulidwe. Ndinanola mipeni yanga, ndinapukuta sikelo, ndinamanga epuloni zingwe zake n'kuzungulira mpaka kutsogolo. Woyamba kulowa anali mayi wina wophika zakudya mumsika, amene ankagula ziboda za ng'ombe kwa ine kwa zaka zambiri. Anaima pakhomo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu.

"Ba bucha, ndimwe? Thupi mwasiya kuti?"

"Nenze ku chipatala, mayo. Bananichepesa chifu."

"Chifu bamadula cha ng'ombe, osati cha munthu," anatero akuseka. "Nipimileni vimbombo vibili."

Anaseka, koma polandira pepala la nyama anagwira kumapeto kwenikweni.

Ndinapitiriza kuonda monga adotolo ananenera. Khosi linatuluka m'kolala, khungu la m'manja linayamba kulendewera, tsitsi linapyapyala. Mavitamini anga ndinkamwa teni koloko tsiku lililonse, pomwepo pakaunta, ndi madzi a m'botolo, chifukwa ndine munthu wosunga nthawi. Kamodzi pamwezi ndinkapempha m'mawa umodzi wopita kukaonana ndi adotolo. Sindinaganize mmene zinthu zitatuzi zimaonekera pamodzi kwa munthu amene waima pamzere: bambo woferedwa mkazi, akuonda mwezi ndi mwezi, akumwa mapiritsi pa ola limodzimodzi. Ku Chawama aliyense anaikapo m'bale wake amene anayamba choncho. Ogula ena anayamba kudikira kuti mnzanga wa pakaunta amalize ndi wina, ine nditangoima manja ali pa sikelo.

Pakutha pa mwezi wachiwiri nditabwerera kuntchito, abwana anandiuza kuti ndizikagwira kumbuyo, ku makina ochekera mafupa. Anati n'kuti ndipumuleko kuima pamaso pa anthu. Ndinathokoza. Ku makinako kunali kolemetsa kuposa pakaunta, koma ndinaganiza kuti mwina akuona zimene ine sindikuona. Sindifulumira kuganizira munthu zoipa, makamaka amene ananyamula mkazi wanga m'manja.

Loweruka lina masana kunyumba kwanga kunabwera mayi wa chigwirizano cha amayi kumpingo, amene anali mnzake wapamtima wa malemu mkazi wanga. Anabweretsa nsinjiro m'kabotolo. Anakhala pampando nthawi yaitali akukamba za mvula ndi za mitengo ya makala, kenaka anatsitsa mawu.

"Ba shikulu, osachita nsoni. Ine nimamwa mankhwala aya vaka khumi na vibili, onani nili bwino. Chofunika ni kusadumpha."

Ndinamufunsa kuti mankhwala ati.

"Aya ya kachilombo. Tonse tiziba. Ba dikoni banatipempha pa mapemphelo ya pa Chitatu kuti tikuikeni mu manja ya Mulungu. Banakamba ati mukumbukile mwamene bamai banatisiyila mwadzidzidzi, vinthu vina vimabisama mu nyumba." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Chinanibaba chabe ni chakuti munzanga uja sananiuze. Ine ninamuuza vanga vonse."

Ndiyenera kunena bwinobwino apa. Matendawa si chinthu chamanyazi. Mumpingo mwathu muli anthu oopa Mulungu kuposa ine amene amamwa mankhwalawo, ndipo mayi amene anakhala patsogolo pangayo anaonetsa kulimba mtima kumene ine ndinalibe. Chimene chinandilasa n'chakuti kwa milungu ingapo mayiyu ankayenda ndi chilonda mumtima, akukhulupirira kuti mnzake anamubisira, pamene mkazi wanga sanabise kanthu kwa aliyense moyo wake wonse. Ndipo amene anaika maganizo amenewa m'mitu ya anthu anali munthu yekhayo mu Chawama monse amene anamva ndi makutu ake adotolo awiri onse, wa mkazi wanga ndi wanga.

Ndinatulutsa kalata ya kuchipatala m'Baibulo mmene ndinkaisunga, n'kumupatsa. Anaiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atamaliza anangoti, "Mayo ine."

Lolemba ndinadikira kuti ogula a m'mawa athe, kenaka ndinawapeza abwana m'chipinda chozizira akuwerenga nyama zopachika. Ndinatseka chitseko.

"Achimwene, munawauza chiyani anthu Lachitatu lija?"

Sanatembenuke msanga. "Ndinangopempha mapemphero. Kodi kupempherera munthu n'kulakwa?"

"Munatchula mayi a kunyumba kwanga."

"Sindinatchule matenda alionse. Funsani aliyense. Ndiponso ndinu nomwe munati ndisauze anthu za opaleshoni."

Zimenezo zinali zoona, ndipo ndinavomera. Ndinati cholakwa changa ndi manyazi, ndipo tsopano ndikuwamasula. Ndinawapempha kuti Lamulungu likudzalo, poti ndiwo ankawerenga zolengeza, anene mawu awiri okha: kuti anali nane kuchipatala, ndipo akudziwa chimene chikundiondetsa ndi chimene chinatenga mkazi wanga. Ndikanena ndekha anthu akanati ndikudzitchinjiriza. Iwo akanawakhulupirira.

Anapumira m'mwamba. "Achimwene, bizinesi ni maso. Munthu akabwera kugula nyama afuna aone wogulitsa wamafuta. Makasitomala sawerenga makalata ya madotolo."

"Sindikunena za makasitomala. Ndikunena za mpingo."

"Chabwino, tidzaona Lamulungu," anatero, n'kubwerera ku nyama zawo.

Mlungu umenewo ndinkacheka mafupa ndikuganiza. Sindingalowe mumtima mwa munthu, koma mmene ndikuonera ine n'kuti abwana anali ataganiza kale zondichotsa, poona kuti wogulitsa woonda sakokanso anthu. Kuchotsa mnzako wa mumpingo amene wakugwirira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chifukwa choti waonda, anthu akanawanena. Koma kupumitsa munthu wodwala kuti asamagwire nyama ya anthu, pomupempherera ndithu, aliyense akanati adikoni ndi achifundo. Sanafunikire kunama. Anangosiya chitseko chotsegula, anthu n'kulowa okha. Mwina ndikulakwitsa. Ndakhala ndikupempha kuti ngati ndikulakwitsa ndionetsedwe.

Lamulungu ndinavala jekete limene telala anali atangolibweza, n'kukhala pa benchi yanga ya masiku onse, yachitatu kuchokera kutsogolo. Itakwana nthawi ya zolengeza abwana anaimirira ndi pepala lawo. Analengeza za malata a nyumba ya abusa, za ulendo wa kwaya wopita ku Matero, za ukwati wa mwezi wotsatira. Anatchula odwala oti tiwakumbukire, ndipo dzina langa linali lachiwiri. Pamenepo anaima pang'ono n'kukweza maso. Tinayang'anana. Ndinaona kuti akukumbukira. Kenaka anapinda pepala n'kunena kuti tiimirire tiimbe.

Sindinaimbe. Ndinaima ndi buku lotsegula mpaka nyimbo inatha.

M'mawa mwake ndinapita ku butchala nthawi yanga ya masiku onse, koma sindinavale epuloni. Ndinatenga mipeni yanga iwiri ndi chonolera, zimene ndinagula ndekha ndili mnyamata, n'kuzikulunga m'nyuzipepala. Makiyi a chipinda chozizira ndinawaika pa sikelo. Abwana anatuluka mu ofesi yawo n'kuyang'ana makiyiwo.

"Palibe wakuthamangitsani, achimwene. Kapumuleni chabe. Mukabwezako thupi, malo yanu yalipo."

"Thupi silidzabwerera," ndinatero. "Munalipo pamene adotolo ankanena."

Mnzanga wa pakaunta anangoweramira pa nyama imene ankadula. Ndinatsanzika onse awiri mwaulemu n'kutuluka.

Mayi uja, mnzake wa mkazi wanga, ndiye anachita zimene adikoni analephera. Pa msonkhano wa amayi wa Lachinayi anaimirira n'kunena zimene anawerenga m'kalata, ndipo ananenanso za iye mwini pamaso pa onse, kuti ngati pali wofuna kunong'ona za matendawa ayambire pa iye. Ena anakhulupirira, ena mpaka lero amandiyang'ana m'khosi tikamapatsana moni. Sindingawatsate mmodzimmodzi ndi kalata m'manja.

Patapita miyezi itatu ndinapeza ntchito kukhitchini ya malo ena ogona alendo ku Chilenje, yodula nyama ndi nkhuku. Kumeneko palibe amene anandidziwa ndili wonenepa, choncho ndimangokhala mdala woonda amene amadya m'kambale ka mwana. Ndimayenda wapansi mbali ina ya ulendowo, mawondo osadandaula. Ndikafika pa siteji ya ku Chawama madzulo ndimadzera njira ya kuseri kwa msika kuti ndisadutse pa butchala paja, ngakhale ndi yotalikirapo ndiponso yamatope nthawi ya dzinja.

Mpingo sindinasinthe, chifukwa ndi mmene tinadalitsira ukwati wathu ndiponso mmene tinatsanzikira mkazi wanga. Adikoni amakhala pa benchi ya kutsogolo kwanga. Timapatsana moni wa dzanja pakhomo, amandifunsa za thanzi, ndimayankha kuti ndili bwino, zimene ndi zoona. Pemphero la Ambuye ndimalinena lonse pamodzi ndi mpingo. Koma tikafika pa mawu okhululukira otilakwira, liwu langa limatsika lokha, ndipo sindinafikebe poti ndiwanene mokweza ndikuyang'ana kumbuyo kwa mutu wawo.