Kuyitana Mdala

Pa ntchito ankangowatchula kuti a Ndowa, chifukwa panalibe amene anawaonapo akuyenda manja ali lende. M'mawa ndowa ya madzi, masana ndowa ya nyama, madzulo ndowa ya ndowe. Analowa ntchito kumalo osungirako nyama zakutchire tsitsi lili bii, ndipo linachita mbuu ali m'khola lomwelo, la mikango. Anthu amayesa kuti wosamalira mkango ndi munthu wolimba mtima. Ayi ndithu, ndi munthu wokolopa. Amakolopa mkodzo wa mfumu ya nyama, kutola mafupa owola, kuthamangitsa ntchentche, kenako n'kupatuka kuti anthu ovala bwino ajambulitse popanda wowawonongera chithunzi.

Fungo la mkango silimva sopo. M'basi anthu ankawasiyira mpando wonse, koma osati chifukwa cha ulemu. Agalu a mumsewu wakwawo, olusa kwa wina aliyense, akawaona ankapinda michira n'kukabisala kuseri kwa mipanda. Akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde, anawakhomera msomali wawowawo kuseri kwa nyumba wokolekapo ovololo.

"Abambo, chonde, musayandikire nsalu za eni ake," ankatero. "Mkwatibwi adzanunkha mkango pa ukwati wake."

Mwana wawo wamkazi ankauza anzake kusukulu kuti bambo ake amagwira mu ofesi. A Ndowa atamva anaseka nawo, koma zinawapweteka, ndipo sanamupemphenso kuti abwere kudzaona nyama.

Mikango inalipo iwiri, waukazi ndi waumuna umene aliyense ankautcha Mdala. Lamulo la pamalopo linali lomveka: ukaona chachilendo pa nyama yako, kanene tsiku lomwelo. A Ndowa anali munthu womvera malamulo. Tsiku lina anaona waukazi uja ukutsimphina, n'kuthamanga kukanena. Dokotala wa nyama wa nthawi imeneyo, munthu wapaphuma amene makiyi a galimoto sankachoka m'manja mwake, anasuzumira ali kunja kwa waya, n'kunena kuti ndi ukalamba, nyamayi ikungozunzika. Pofika masana anali ataubaya jakisoni wosadzuka naye. Sanafunse a Ndowa kanthu. Anangowauza kuti apeze lona, ndipo iwo eniake ndiwo anaukoka kupita nawo kudzenje, Mdala akulira m'khola. Tsiku limenelo anaphunzira phunziro limodzi, n'kulisunga mumtima zaka zonse zotsatira: nyama yokalamba ukainenera, waipha.

Mdala naye anakalamba. Ankagona tsiku lonse, alendo n'kumadandaula kuti anabwera kudzaona mkango osati thumba. Ena ankamugenda ndi mabotolo kuti adzuke, ndipo a Ndowa ankaima pakati ndi tsache lawo, mabotolo ena n'kumawapeza iwo. Ndiye nyengo ina yozizira anaona chimene ankachiopa. Mdala anayamba kutafunira mbali imodzi. Nyama inkagwa mkamwa, iye n'kuiyang'ana, n'kuitolanso mosamala. Pasanapite nthawi anasiyiratu kuswa mafupa.

Nthawi imeneyo kunali kutabwera dokotala wina, mayi wachitsikana woyenda ndi majombo aakulu kuposa mapazi ake. Iyeyu anali ndi chizolowezi chake: m'mawa ankazungulira makola onse n'kumasuzumira mu ndowa ya zotsala, chifukwa nyama siyankhula, chimene yasiya ndicho chimanena za thupi lake. A Ndowa anadziwa kuti mafupa osaswa awaulula. Anayamba kulawirira, anzawo asanafike. Ankasenga nyama pa fupa, kuiika pa chipika, kuigogoda ndi chikwanje mpaka ifewe ngati phala, n'kuthirako madzi ofunda. Ankamupatsira kuchipinda cha kumbuyo, kumene alendo saonako. Mafupa ankaponyera afisi.

"Mdala akudya?" dokotala ankafunsa.

"Akumaliza zonse, adokotala. Onani ndowayi."

Ndipo silinali bodza. Ndowa inkakhaladi yoyera.

Afisi ananenepa mpaka bwana wa pamalopo anayamikira wowasamalira pamaso pa onse. Wosamalira afisiyo anali mnzawo wakale wa a Ndowa, ndipo sanali wopusa. Anawapeza pa chipika m'mawa wina.

"Achimwene, afisi anga akuthokoza," anatero. "Koma mkango unayamba liti kudya phala?"

"Wakalamba, ndikungomuthandiza."

"Kamuuzeni mayiyu. Ameneyu si uja wamakiyi."

"Onse jakisoni wawo ndi mmodzi. Wam'mbuyomu ndinamunenera ndine, n'kumukoka ndekha pa lona. Uyu ayi."

Mnzawoyo anapukusa mutu. "Bisani matenda, maliro tidzamva." Koma sanakanene, pakuti osamalira nyama sanenerana. Onse anali atakokapo lona.

Nyengo yozizira inatha, kunatentha, mvula inagwa. A Ndowa ankabwera kunyumba mikono ikuwawa ndi kugogoda, akazi awo n'kumawafunsa ngati ayamba kugwira kwa ogulitsa nyama. Koma mumtima anali wokondwa. Ankadziona ngati munthu amene akubera imfa tsiku limodzilimodzi. Kutupa kunayamba pansi pa chibwano, koma manyenje a Mdala anakubisa bwinobwino. Dovu litayamba kuchucha, ankatsuka pansi kawirikawiri. Dokotala akamayandikira, ankamutsekera Mdala kumbuyo n'kunena kuti wathawa dzuwa. Anali waluso pa kubisako, monga analili waluso pa ntchito yawo yonse.

Kenako Mdala anakana ndi phala lomwe. Ankalinunkhiza, n'kutembenuka. Nthiti zinayamba kuwerengeka, ndipo m'khola munabwera fungo lina limene ngakhale a Ndowa, amene mphuno zawo zinali zitafa kalekale, ankalimva. M'mawa wina dokotala sanapite ku ndowa. Anaima pa chomwera madzi, n'kuona magazi ndi mafinya zikuyandama. Anazungulira kumbuyo osapempha, n'kumupeza Mdala atagona pafupi ndi waya, kukamwa kuli yasa. Anaunika ndi tochi nthawi yaitali. Potembenuka nkhope yake inali itasintha.

"Bambo, zayamba liti zimenezi?"

A Ndowa anayang'ana majombo awo.

"Ndikukufunsani, bambo. Liti?"

"Nyengo yozizira ija."

"Yapitayi? Ndiye mafupa ankapita kuti?"

"Kwa afisi."

Dokotala anakhala pansi pa simenti yonyowa, osalabadira zovala zake. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Linali dzino," anatero. "Dzino limodzi losweka. Tikanamugoneka m'mawa, kulizula, madzulo akanadzuka n'kumakulirirani njala. Pano chilonda chadya fupa lonse la chibwano. Palibenso chozula."

"Simukanamubaya?"

"Ndikanamuzula dzino, bambo. Dzino basi. Miyezi yonseyi wakhala akumva ululu umene inu simungagone nawo tsiku limodzi."

Apa ndi pamene a Ndowa anamva chinthu chikuduka m'kati mwawo. Anakumbukira m'mawa uliwonse umene Mdala ankatola nyama mosamala, iwo n'kumasangalala kuti akudya. Ankayesa akumuteteza, chikhalirecho akungotalikitsa ululu wake. Ndipo ndani anawaphunzitsa zimenezo? Zaka zonse anthu amajakisoni ankabwera, kuchita zawo, n'kupita, osaona chifukwa chofotokozera munthu wa tsache kuti matenda awa amachira, awa sachira. Wa tsache anadziphunzitsa yekha, ndipo anaphunzira molakwika. Koma zimenezi sakanauza wina aliyense, chifukwa chikwanje chija chinali m'manja mwawo, osati mwa munthu wina.

Madzulo ake sanadye. Akazi awo anasiya makina n'kudzakhala nawo pakhonde.

"Si nyama chabe, abambo? Abweretsa ina."

"Abweretsa," anayankha. Akaziwo anawayang'ana kanthawi, kenako anawagwira dzanja osafunsa ngati asamba.

M'mawa mwake chipata cha alendo sichinatsegulidwe. Bwana anabwera, n'kuima patali atatseka mphuno ndi kampango, n'kufunsa ngati chikopa chingasungike. Dokotala anafika ndi mfuti yake ya jakisoni. Koma Mdala anali atalowa m'kati mwenimweni mwa chipinda chake, pakona yamdima kuseri kwa chipupa, pamene mfuti sikanafika. Anamenya zitsulo, sanatuluke. Anamuthira madzi ndi paipi, anangobuula. Wa afisi uja anayesa kumukopa ndi chiwindi, osaphula kanthu. Mkango wodwala sukhulupirira aliyense.

Dokotala anatsitsa mfuti n'kutembenukira kwa a Ndowa, amene anali ataima kumbuyo kwa onse.

"Bambo, pepani. Muyitaneni. Inu akumvani."

"Adokotala, musandipemphe zimenezo."

"Tikamusiya afa yekha, koma atenga masiku. Mwaona mmene alili. Ndikupempha."

Onse anawapatukira. A Ndowa anayenda mpaka pa waya, n'kugwada pamalo pamene ankagwada m'mawa uliwonse. Anatsokomola, n'kuyitana.

"Mdala. Bwera, mkulu wanga. Ndine. Bwera kuno."

M'katimo munachita zii. Kenako anamva mapazi akukwekweseka pa simenti. Mdala anatulukira pang'onopang'ono, akudzandira, mutu utapendekeka, maso ali pa iwo okha. Sanayang'ane bwana, sanayang'ane mfuti. Anafika pa waya n'kutsamiritsa tsaya labwino lija, ndipo a Ndowa analowetsa zala m'manyenje ake, kuseri kwa khutu.

"Ndi choncho, mkulu wanga. Yang'ana ine. Usacheuke."

Mfuti inalira pang'ono chabe. Mdala ananjenjemera, nafuna kutembenuka, koma a Ndowa anamuyitananso ndipo anabwezera tsaya lake pa waya. Anamuuza kuti kunja kwacha bwino, kuti alendo sabwera lero, kuti palibe womugenda. Anapitiriza kuyankhula naye mpaka anazindikira kuti akuyankhula okha.