Tsiku limene Nkhanu anasiya mkono

Nkhanu ndi mwana wachisamba wa bambo wometa tsitsi ndi mayi wosoka mayunifomu a ana asukulu. Nayenso ali ndi ana awiri aakazi, wamkulu wa zaka zisanu ndi zinayi, wamng'ono wa zaka zinayi, onse mphuno ya amayi awo. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake ali kakhanda, chifukwa akagwira chala cha munthu pankafunika anthu awiri kuti amumasule. Amakanda ufa wa buledi kubekale kuyambira m'mawa mpaka masana. Akaweruka amakwera masitepe a kuseri kwa sitolo ya matayala, n'kulowa m'holo mmene wakhala akusewera judo kwa zaka khumi ndi ziwiri. Mayi ameneyu sanagwepo mphwayi pa chinthu.

A wailesi ya kanema atasonkhanitsa akazi khumi ndi awiri odziwa masewero ogwetsana, Nkhanu anali m'gululo. Anawaika m'nyumba imodzi, makamera mpaka kukhitchini. Loweruka lililonse masana ankakumana awiriawiri pamphasa, wogonja n'kumanga katundu wake.

M'babashopu ya bambo ake, kanema ali pamwamba pa galasi. Masiku amenewo munkadzaza ngakhale anthu a dazi.

"Magazi anga amenewo!" ankakuwa bambowo, makina ometera ali m'mwamba.

"Abwana, yang'anani mutu wanga kuno. Ndabwera ndi makutu awiri, ndibwerere nawo awiri!"

Nkhanu anagwetsa woyamba, anagwetsa wachiwiri. Atatsala atatu, anakumana ndi mtsikana wamtali amene owonera ankamutcha Mphenzi.

Pa judo pali lamulo limene mwana amaphunzira tsiku loyamba. Ukagwidwa mkono n'kuona kuti uthyoka, sukuwa ayi. Umagogoda kawiri ndi dzanja, kaya pamphasa kaya pathupi pa mnzakoyo, ndipo iye amasiya pomwepo. Safunsa, sadikira.

Nkhanu anamugwetsa Mphenzi, n'kumugwira mkono mouwongola. Mphenzi anagogoda kawiri pantchafu ya Nkhanu, chakunsi, kumene refa sankaonako ndipo kamera sinkafikako. Nkhanu anasiya. Refa anangoti duu. Mphenzi ataona kuti mwayi wagwa, anamulumphira pamwamba n'kumupanikiza mpaka nthawi kutha.

M'babashopu munaphulika.

"Wagulidwa ameneyu!"

"Nkhanu yanji yosiya nyama ili m'kamwa?"

Pamafoni ndiye musachite kunena. Anthu amene sangathe kunyamula ndowa ya madzi anasanduka akatswiri a judo. Onsewo abwere kaye adzakande thumba limodzi la ufa, tione. Koma zimenezo Nkhanu sizinamulase. Chinamulasa n'chimene ananena bambo ake, atazima kanema pamaso pa makasitomala.

"Wachita mantha basi. Wandivula pagulu mwana ameneyu."

Mawu a m'babashopu sagona momwemo. Pamene Nkhanu ankafika kwawo ndi chikwama chake, anali atamulonjera kale panjira. Dziko lonse limutche wamantha, analibe nazo ntchito. Koma bambo omubereka ayi.

Lachitatu ataweruka anapita molunjika, ufa uli mbuu m'mikono. Anapeza benchi yodzaza.

"Mwaswera bwanji, ababa?"

"Taswera," anayankha akutsuka chipeso, osacheuka.

"Takhalani pampandopo, ndikuonetseni kanthu."

"Khalani, abwana!" anatero dalaivala wina wa takisi amene ankadikira kumetedwa. "Lero mumetedwe ndinu."

Bambo anakhala, poopa kuoneka ngati akuthawa mwana wawo. Nkhanu anatenga nsalu ija amafunditsa makasitomala, n'kuwafunditsa kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo. Analowetsa manja kunsi kwake, n'kuwagwira mkono wamanja, wometerawo.

"Zikakupwetekani, gogodani kawiri. Koma ngati simugonja, ingokhalani."

Anayamba kuuwongola pang'onopang'ono. Bambo anaseka kaye. Kenako anakukuta mano. Thukuta linatuluka pachipumi, maso ali psuu m'galasi. Mwadzidzidzi Nkhanu anatulutsa manja n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndani waona ababa akugonja?"

Anthu anayang'anana.

"Palibe," anatero dalaivala uja. "Mwangosiya nokha, asisi."

"Ababa, ndasiya ndekha?"

Bambo ankasisita chigongono kunsi kwa nsalu. Anali atagogoda pabondo la mwana wawo, ndipo osati kawiri kokha.

"Nanga ndikanati ndidikire kaye mpaka abambo awa aone?"

"Ukanandithyola, iwe," anatero chapansipansi.

"Ndiye bwenzi mawa mukumeta ndi chiyani? Mphenzi nayenso amadyera mkono wake."

Dalaivala anaseka mpaka kugwa pabenchi. "Abwana, ndiye mwagogoda eti? Mwakachetechete ngati mlendo wofika pakhomo la apongozi!"

Nkhanu sanaseke nawo. Anapinda nsaluyo bwinobwino, kuiika pampando, n'kutsanzika.

Kuchokera tsikulo bambo anasanduka mphunzitsi wa judo. Aliyense wokhala pampando wawo amamva za kugogoda kawiri, afune asafune, ndipo amazifotokoza ngati anazidziwa kalekale. Mnyamata wina wa kubanki atayerekeza kunena kuti Nkhanu anagulidwa, anamutulutsa atametedwa mbali imodzi. Mphenzi anapambana mpikisanowo, koma m'babashopu imeneyo kanema anali wozima.

Chatsala ndi liwu limodzi. Bambo ananyoza mwana wawo pagulu, ndipo mpaka lero sananene kuti pepa. Akazi awo awauza kambirimbiri, makina osokera akulira: "Bambo a Nkhanu, pakamwa sipang'ambika ndi pepa." Iwo amangoti nthawi ikwana.

Nkhanu sawapempha, komanso sanawakhululukire ngongoleyo. Wabwerera kubekale, wabwerera pamphasa, ndipo akuti chaka chamawa alowanso mpikisano. Akamadutsa pababashopu amaima pakhomo, n'kupereka moni, n'kuimabe pang'ono kuposa mmene moni amafunira. Bambo amazimitsa makina. Amakhosomola, amatsegula pakamwa.

"Ana ali bwanji?"

"Ali bwino, ababa. Pali china?"

"Ayi... uwapatse moni."

"Ndiwapatsa. Ndidutsanso mawa."