Miyendo ya Bwana Mtondo

A Overton Mbewe, mbadwa ya kwa Kabudula, anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri pa hotela ina ya azungu chakumadzulo kwa Namitete, m'mbali mwa msewu wopita ku Fort Jameson. Munthu akawafunsa za ntchito yawo, ankayamba akhosomola kaye, kenaka n'kunena kuti, "Ine ndine wa khomo lakutsogolo." Sankanama ayi. Koma kunena mosapsatira, a Overton anali miyendo ya munthu wina.

Hotelayo inamangidwa kalekale, nthawi ya machila, pakamtunda. Kuti munthu afike pakhonde ankakwera masitepe asanu ndi anayi a njerwa zootcha. Mwini wake anali mzungu wamfupi, wojintcha, amene antchito anamutcha Bwana Mtondo. M'chaka cha 1951 galimoto yake inagubuduzika akuchokera kumsika wa fodya, ndipo anatuluka m'chipatala atafa ziwalo kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Anamuitanitsira chikuku kuchokera ku Ulaya, chamatayala awiri aakulu ngati a njinga. Pakhonde chikukucho chinkayenda myaa, pabwalo chimodzimodzi, koma pakati pa khonde ndi bwalo panali masitepe aja. Amene anamanga nyumbayo sanaganizepo kuti mzungu naye angadzalumale.

Dona, mkazi wa Bwanayo, analamula kuti pafunidwe munthu wamphamvu. Nthawi imeneyo a Overton anali mkamwini m'mudzi wina wapafupi, kwao kwa akazi awo a Tisiyenji, ndipo ukamwini wake unali wowawa. Denga la apongozi likadontha, a Overton. Nkhokwe ya alamu ikapendama, a Overton. Pabwalo pakakhala nkhani, iwo ankakhala kumapeto kwenikweni, kumene mawu amafika atazizira. Chimene anali nacho ndi msana basi, msana woti thumba la mtedza ankalisenza ngati mtolo wa udzu. Dona anawayesa ndi thumba la chimanga, kukwera ndi kutsika kakhumi. Atapambana anawapatsa sopo, yunifolomu yoyera ndi chisoti chofiira. Nsapato sanawapatse, akuti zingaterere.

Ntchito yake inali yosavuta kuimvetsa. Bwana akafuna kutsika kukakalipira a m'dimba, a Overton ankagwada, n'kumubereka kumsana, n'kutsika naye, n'kumukhazika pabenchi, n'kubwereranso kukatenga chikuku. Akafuna tiyi, ulendo womwewo chobwerera. Bwana ankakoleka dzanja limodzi pakhosi pawo, linalo lili ndi kaliwo, phulusa lamoto likugwera m'kolala ya munthu. Akafuna kuti afulumire ankawagogoda ndi kaliwoyo pamutu. A Overton sankadandaula, chifukwa panali chinthu china chimene chinkawatsekemera kuposa uchi.

Pahotelapo munthu wakuda sankaponda masitepe akutsogolo. A Stanley, akhukhi amene anaphikira azungu zaka makumi awiri, khondelo ankangolionera patali ngati Mose ndi dziko la Kanani. Aphunzitsi ovala mataye, abusa, ngakhale akalaliki a ku boma, onse ankazungulira kuseri, kudutsa pamulu wa phulusa, n'kukaima pazenera la kukhitchini. Koma a Overton, mkamwini wopanda nsapato, ankalowera khomo lakutsogolo kasanu ndi kamodzi patsiku, masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Kumudzi zinthu zinasintha. Alamu aja anayamba kuwapatsa mpando, n'kumawafunsa za m'katimo. A Overton ankafotokoza mosafulumira za mitu ya njati yokhomedwa pakhoma, za kalilole wotalika kuposa munthu, za azungu ogula fodya amene akaledzera amaimba nyimbo ngati ali pamaliro. Kutchalitchi anasamukira kubenchi yachiwiri. Mayendedwe awo anasinthanso. Anthu ankati n'kunyada, ndipo mbali ina kunalidi kunyada, koma mbali ina unali msana utayamba kale kulira.

M'chaka cha 1955 kunabwera mmisiri wina, dzina lake Fred, kudzakonza chumuni cha kukhitchini. Anali mnyamata wamkulu woyenda, woti anagwirapo ntchito kunja, mumzinda wa Sozibele. Atawaona a Overton akutsika ndi katundu wawo, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, anapukusa mutu napita kwa Dona. Anati ndi matumba awiri a simenti atha kumanga njira yotsetsereka pambali pa masitepewo, yoti chikuku chizikwera chongokankha ndi dzanja limodzi. Dona anaikonda nzeruyo. Simenti inabwera pa lole Lachisanu.

Tsiku limenelo chakudya sichinawalowe a Overton. Ankaona kale mmene zidzakhalire: chikuku akukankha Dona yekha, iwo atatumizidwa kudimba kapena atabwezedwa kumudzi, kukakhalanso kumapeto kwa bwalo. Mantha anawagwira enieni. M'mawa mwake, atabereka Bwana, anafika pa sitepe yachisanu n'kuima.

"Ukuima chiyani iwe?" anafunsa Bwana Mtondo m'Chinyanja chake chopotoka.

"Pepani Bwana, mtima ukundipweteka. Ndamva kuti akufuna azikukankhani ngati wilibala ya manyowa, alendo onse akuonerera. Inu eni ake malo ano! Komanso mvula ikagwa, simenti n'kuterera, tidzakakutolani kumsewu uko."

Bwana anasuzumira pansi. Masitepe amenewo ankawanyadira, poti bwanamkubwa wina anajambulitsapo chithunzi kalekale, ndipo chithunzicho chinali m'chipinda chodyera. Pofika masana nkhani inali itatha. Simenti ija anakamangira kuseri, kuti wilibala ya nkhuni izilowa bwino m'khitchini. Kuyambira pamenepo nkhuni za pahotelapo zinkayenda mwaulemu pamatayala, mwini hotela ali pamsana pa munthu.

Fred pomanga zida zake anawayang'ana a Overton nthawi yaitali. "Akulu," anatero, "ntchito mwaipulumutsa. Koma msanawu munabwereka kwa yani?"

A Overton anangoseka. Iwo anali atapambana.

Zaka zitatu zotsatira Bwana ananenepa, poti munthu wongokhala ndi wongodya sachepa. A Overton anayamba kupindika. Madzulo aliwonse a Tisiyenji ankawathowa ndi madzi otentha ndi kuwapaka mafuta a nsatsi, pakamwa posatseka.

"Abambo a Nelia, kodi mzunguyu mukubereka chaka ndi chaka adzayamba liti kuyenda? Anzanu ana awo amakula."

"Inu simungazimvetse. Munthu uja popanda ine si kanthu. Amandiuza zakukhosi, zoti ngakhale Dona sazidziwa."

"Eti? Dzina la kwanu amalidziwa?"

A Overton anatembenukira kukhoma. Komabe chilungamo chake n'chakuti ankamukonda Bwana wawoyo. Munthu sungabereke mnzako zaka zonsezo, kumva mtima wake ukugunda pamsana pako, kumva akunjenjemera tsiku limene malungo amugwira, osamukonda. Ankadziwa tsiku limene wakhumudwa pongomva mmene wagwirira khosi.

Bwana Mtondo anamwalira mu Juni 1958, atadwala chibayo sabata imodzi. A Overton analira zenizeni. Kenaka anayamba kukonzeka. Kwathu kuno maliro sanyamula abale, amanyamula adzukulu, ndipo panalibe wofunsa kuti mdzukulu wa Bwana angakhale ndani. Anauza akazi awo kuti ayale mphasa ziwiri kuti azigona padera, monga achitira anthu okagwira maliro. Anachapa yunifolomu, naisita ndi simbi yobwereka kwa a Stanley. Anapangana ndi amuna atatu a m'dimba za mmene adzagwirire bokosi, iwo kumutu.

Tsiku la maliro magalimoto anadzaza pabwalo. A Overton anakwera pakhonde, naima pafupi ndi bokosi, manja ali kumbuyo. Mzungu wina wa fodya, amene m'zaka zonsezo sanagwirepo ngakhale chigongono cha malemuyo, anawayang'ana kuyambira kuchisoti mpaka kuzala zakumapazi, nakodola Dona. Dona anabwera akupukuta misozi.

"Overton, pita ukaime ndi anzako. Amunyamula abwenzi ake."

"Dona, ine ndi amene..."

"Pita, Overton."

Anatsika. Anakaima kuseri kwa mpanda wa maluwa pamodzi ndi a Stanley ndi ochapa zovala. Kuchokera pamenepo anaonerera abwenzi asanu ndi mmodzi, amuna odya bwino ovala masuti akuda, akulimbana ndi masitepe asanu ndi anayi. Anatula bokosi kawiri kuti apume. Mmodzi chipewa chinamugwa, wina anatukwana, m'busa ali pomwepo. Atafika pansi anagwirana chanza, nkhope zili psuu, ngati awoloka mtsinje wa Bua utasefukira. Pambuyo pake m'busayo anawayamikira chifukwa cha chikondi chawo chonyamula mnzawo pa ulendo wotsiriza. A Stanley anawanong'oneza a Overton kuti, "Ulendo umodzi wokha, aphu, kutsika kokhakokha." A Overton sanaseke. Misozi inkangotsika, ndipo sakanatha kunena ngati akulirira Bwana kapena akudzilirira okha.

M'mawa mwake anadzuka monga mwa masiku onse. Palibe anawauza kuti ntchito yatha, choncho anavala yunifolomu ija ndi chisoti, nayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anadutsa pageti, nadutsa pabwalo. Phazi linakwera lokha sitepe yoyamba, kenaka yachiwiri.

Dona anali pakhonde ndi mlendo, akumwa tiyi. Anaika kapu pansi.

"Overton, wanyamula chiyani?"

A Overton anayang'ana manja awo. Anayang'ana kumbuyo, ngati kuti mwina pamsana patsala kanthu.

"Palibe, Dona."

"Nanga ukufuna chiyani kuno?"

Anaima pamenepo kanthawi, phazi lina m'mwamba, lina m'munsi. Kenaka anavula chisoti, natsika chambuyo masitepe awiriwo, nayamba kuzungulira nyumba. Zaka zisanu ndi ziwiri ali pahotelapo, anachita kufunsa wochapa zovala kuti pazenera amagogoda kapena amangoima.