Kaseti Imene Tinamanga pa Nazale

Ndikukumbukira khonde la sitolo ya a Yusufu pa Mitundu, pamene bambo anga ankasokera. Panali fungo la mafuta a makina ndi la nsalu zatsopano, ndipo pambali pa phazi lawo panali wailesi ya kaseti yomangidwa ndi mphira kuti mabatire asagwe. Wailesiyo inkadziwa gulu limodzi lokha: Ana a Njanji, oimba anayi a ku Nathenje amene ankajambula okha nyimbo zawo m'chipinda cha kuseri kwa chigayo. Ankatulutsa makaseti ngati nkhuku yoikira mazira. A Yusufu ankati, "Atelala, anzanuwa amalima nthawi yanji?" Bambo ankangoseka, n'kupondereza makina motsatira ng'oma.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri pamene kaseti yawo yomaliza inatuluka. Bambo anapalasa njinga mpaka ku Nathenje kukaigula, ndipo madzulo ake anzawo anadzaza khonde. Nyimbo yoyamba itayamba, anthu anayang'anana. Munalibe ng'oma zovinitsa zija. Gitala inkayenda pang'onopang'ono, ndipo mawu a Lufeyo, woimba wawo wamkulu, anali osasa ngati munthu wodzuka kumene. Ena anati mabatire atha. Anaikamo atsopano, koma palibe chinasintha.

"Izi ndi za pamaliro," anatero bambo. Anaitulutsa n'kundiponyera. "Kaseweretse."

Ine ndinaiboola ndi msomali, n'kusolola tepi yonse. Mayi anati ndikaimange pa timitengo kuzungulira nazale ya fodya kudimba. Inkanyezimira padzuwa n'kumalira ndi mphepo, ndipo nkhuku zinasiya kupalasa mbande. Bambo anati tsopano yapeza ntchito yake.

Mwezi wa Okutobala gululo linabwera kudzaimba masana pabwalo la pafupi ndi msika. Kunali kutentha, fumbi likulowa m'mano. A Lufeyo anaimba atakhala pampando, jekete likuwakulira. Atayamba nyimbo zatsopano zija, anthu anakuwa kuti, "Zakale! Tikufuna zakale!" Bambo anakuwa nawo. Ine, pofuna kuti aone kuti ndili mbali yawo, ndinaponya chitsononkho cha chimanga chimene ndinkakukuta. Chinagunda gitala, nyimbo n'kuima. Anthu anaseka. A Lufeyo anandiyang'ana, osakwiya konse.

"Mwanawe," anatero, "mawu amene anditsalira ndi omwewa."

Mvula yoyamba itagwa tinamva kuti amwalira. Bambo anapita kumaliro, ndipo kumeneko woimba ng'oma anawauza kuti a Lufeyo anadwala pakhosi chaka chonse. Kaseti ija anaijambula akupumira nyimbo iliyonse, akudziwa kuti sachira, ndipo zambiri ankaimbira ana awo awiri. Atabwerako, bambo sanalowe m'nyumba. Anapita kudimba atavala suti yomweyo, ine ndikuwatsatira. Anayamba kumasula tepi pa timitengo, yoyezuka ndi dzuwa, yodukaduka, yamatope, n'kumaikulunga pa chala mosamala monga amachitira ndi ulusi. Ndinadikira kuti andikalipire za chitsononkho chija. Sanatero. Anangoti, "Gwira uku." Tinayesa kuilumikiza ndi guluu, koma wailesi inangoitafuna. Anafunsafunsa kwa anzawo, koma aliyense anali atajambulirapo zina kapena kuitaya.

Papita zaka zambiri. Chaka chatha mnzanga wina amene tinaphunzira naye limodzi ananditumizira nyimbo zija pa foni, wina atazipeza m'katoni ya malemu amalume ake. Ndinazimvera ndili m'minibasi yochokera ku Lilongwe, ine mayi wa ana atatu, ndipo ndinabisa nkhope m'chitenje. Munali nyimbo ina yonena za bambo wina wouza mwana wake mmene angamangire denga iye kulibe. Kale sindinamve ngakhale liwu limodzi la mawu amenewa.

Ndinapita nazo kwa bambo. Tsopano akalamba, makutu anagontha. Anagunditsa foni kukhutu mwamphamvu, maso ali gwa pakhoma, kenaka anandibwezera.

"Ndikungomva ngati njuchi," anatero. "Akuti chiyani?"

Ndinakhala pafupi n'kumawauza mzere uliwonse mokweza, iwo akugwedeza mutu. Pofika nyimbo yachitatu anakweza dzanja kuti ndileke.

Masiku ano achinyamata a pa Mitundu amaziliza m'mashopu otchajira mafoni, ndipo anzanga amati chimbale chimenechi ndicho chopambana zonse za gululo. Ena mwa onena zimenezi ndinawaona ndi maso anga akukuwa pabwalo paja. Sindiwatsutsa. Nyimbo sizitayikanso monga kale. Ukaikana nyimbo lero, mawa umaipeza ikudikira m'foni. Koma a Lufeyo anatsika pampando tsiku lija akudziwa kuti taikana kaseti yawo, ndipo anapita akudziwa zomwezo.