Zibowo za Kompyuta Ndinamata Ndine

Uthenga unandipeza ndikuyanika usipa pathandala, Loweruka, dzuwa lili paliwombo. Ndinangoona akalaliki a ku ofesi kwathu akubwera panjinga, tayi ali kumsana, pepala lili m'mwamba. "Anganga! Kompyuta yalavula dzina! Mwana wanu ali moyo!" Ine usipa mbwee pamchenga, nthungululu lululu, mpaka agalu a mudzi wonse anandivomera.

Dikirani ndiyambire poyambira, poti sukulu yanga ndi ya kwacha, zilembo zanga zimayenda chammbali ngati nkhanu.

Zaka zimenezo nkhondo ya ku Mozambiki inali itakhuthulira anthu kuno ku Mangochi. Mwana wanga wamkazi woyamba anakwatiwa kutsidya kwa malire, ndipo mudzi wawo utawotchedwa sitinamvenso za iye. Ine ndinalowa ntchito yosesa pa ofesi yolemba othawa nkhondo kuboma. Sikuti ndinkakonda tsache ayi. Ndinamva kuti m'menemo muli kompyuta yosunga mayina a anthu a m'misasa yonse, ndiye ndinati ndikhale nayo pafupi, tizolowerane.

Ndinkaisamala ine, ee, ndinkaisamala! Tsiku lina ndikusesa kuseri kwake ndinaona mphemvu ikulowa pa tizibowo ta bokosi lake. Mayo ine, chilombo chimenechi chikakadya dzina la mwana wanga? Kwathu kunyanja chinthu chikabooka timamata. Bwato wa malemu amuna anga ndinkamata ndine zaka zonse. M'mawa mwake ndinalawirira ndi sanza ndi sopo. Ndinamata kuseri, ndinamata m'mbali, ndinasalaza ndi chala, moti ngakhale mukanaiponya m'nyanja ikanayandama. Sindinauze munthu. Wosesa amamufunsa ndani?

Basi matenda anayamba. Kalata yaifupi inkalemba bwinobwino. Koma akalaliki akaituma kuti ifufuze dzina limodzi pakati pa mayina onse aja, inkayamba kubuula, huuu, huuu, kenaka zii, galasi bii. Akaiyatsa, yadzuka ngati sinalakwe. Akaisenzetsanso katundu, yakomokanso.

Abwana anaitanitsa msonkhano. Anati ndi magetsi, nagula jenereta. Inazimabe. Anaitanitsa msonkhano wina. Anati akalaliki amaimenya kwambiri ngati taipi, ndipo munthu wamkulu anayamba kuidina ndi chala chimodzi ngati akutola nsabwe. Inazimabe. Msonkhano wachitatu unagwirizana kuti mayina a Chipwitikizi ndi aataliatali, akuitsamwitsa.

Kenaka kunabwera katswiri wochokera ku Blantyre, wa suti ndi chikwama. Ankafika m'mamawa kukuzizira, n'kulemba mzere umodzi, kompyuta n'kumvera. "Ilibe vuto iyi," ankatero, n'kupita kukadya chambo, china n'kulongedza m'galimoto. Anabwera katatu. Chambo chinachepa m'nyanja chifukwa cha kompyuta imeneyo. Kuseri kwa bokosi sanasuzumireko, poti suti sigwada.

Uku mphekesera zinali zitayamba zoti kukubwera mabasi obweza othawa nkhondo kwawo. Mtima wanga unali m'mwamba. Mwana wanga akakwera basi ndisanamupeze, ndikamufuna kuti?

Lachisanu lina masana, abwana atapita kumsonkhano wokambirana za misonkhano ija, ndinapempha akalaliki kuti ayeserenso dzina la mwana wanga. Huuu, huuu, zii. Ndinaika kuseri kwa dzanja pabokosi monga ndimachitira ndi adzukulu. Kutentha kwake!

"Akalaliki, ili ndi malungo iyi."

"Ndiye tiimwetse kwinini, anganga?" anatero akuseka.

"Nanga chimabuula m'katimo n'chiyani?"

"Ndi fani. Amatulutsa mpweya wotentha."

"Amatulutsira pati?"

"Pazibowo za kuseriko."

Tsache linandigwa m'manja. "Zibowo zake... zija zolowera mphemvu?"

Anandiyang'ana, anakoka bokosi, anasuzumira. Kenaka anakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale.

"Wamata ndani?"

"Mwaona kusalala kwake? Ndine."

"Anganga inu! Mwaiyesa bwato?"

"Nanga yamira?"

Anaseka mpaka misozi. Tinagwada tonse awiri. Ine ndinkazomola sopo ndi phini wa pachitenje, iwo ankasolola sanza. Ulusi wina unali utakola fani uja, tinauchotsa. Anatenga pampu ya njinga n'kupopera m'kati, fumbi tolo! Bokosi tinalisuntha kukhoma kuti lizipuma. Atayatsa, kamphepo kofunda kanandiwomba padzanja. Inafufuza, inafufuza, osabuula, osakomoka. Nthawi yoweruka itakwana akalaliki anati, "Pitani, mawa ndibwera ndekha ndidzamalize."

Abwana pambuyo pake analemba lipoti loti malangizo a katswiri athandiza. Alembe, alembe, ine ndilibe nawo mlandu!

Papepala lija panali dzina la msasa wina wa kufupi ndi malire. Mwana wanga anamulemba ndi dzina la kuchimuna, ndipo pansi pake panali ana awiri amene ndinali ndisanawaonepo. Ndinakwera lole, ndinakamutenga ndekha, woonda, wamoyo, Alihamudulila!

Obwera kudzasangalala nane, mayina ndasunga mumtima, koma mukudzidziwa. Anabwera achemwali anga a ku Malindi ndi kwaya yawo yosaitanidwa. Anabwera ashehe ndi akazi awo. Anabwera achimwene a ku Makanjira, masiku awiri panjira, mbuzi ili pamsana. Anabwera amayi a ku Chowe ogulitsa nthochi, amayi anzanga a pathandala onse, ndi abambo aja osoka maukonde amene sitinkalankhulana chifukwa cha nkhuku. Anabwera akalaliki ndi banja lawo. Anabwera apongozi a mwana wanga a ku Mozambiki, ovina mopanda mawondo, ndi azamba amene anandichiritsa mwana ameneyu, akuyenda ndi ndodo, akufunsa aliyense kuti, "Ali kuti? Ndimuone ndi maso angawa!"