Mileme Yovala Mataye

Ndili m'tchalitchi mwathu, tsache lili m'manja, koma mabenchi onse adzaza ndi mileme yovala mataye. Zitosi zake, zomwe zija ndimasesa Loweruka lililonse, zikundifika m'mawondo. Pampando wa abusa pakhala bwana wina wamagalasi wochokera kutauni, akulemba m'buku zamoyo zoyenera kutetezedwa.

Akunyamula mleme umodzi ngati khanda. "Awa amayamwitsa ngati inu nomwe, mayi. Amabereka mwana mmodzi pachaka, ndipo mtundu wawo watsala pang'ono kutha. Musadzawakhudzenso ndi tsache."

"Kutha?" ndikutero ine. "Mphuno muli nazo, bwana? Fungo lonseli ndi la mtundu woti ukutha?"

Mlemewo ukundiyang'ana uli chadodolido, kukamwa kukuchucha madzi a mango a pakhomo panga. Ndikutsonya.

Kenaka chikumbu chikulowa chambuyo, chikukunkhuniza mpira wa zitosi, miyendo yonse isanu ndi umodzi ili pantchito. Chavala chitenje changa cha kwaya. Paliponse pomwe chadutsa, simenti ikutsala ili mbee.

"Nanga ichi simuchilemba?" ndikufunsa.

"Izo zimangoikira mazira mwachisawawa, sizingathe," akutero bwanayo, uku akupukuta mleme kukamwa ndi mpango wake. Akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kutsache. "Inunso, mayi, mulipo ambiri."

Mileme yonse ikuwomba mapiko, ikuti ameni.

Ndadzuka ndikutsonyabe. Lero ndi Loweruka, ndipo tsache lili apo pakhomo. Likafuna, lipite lokha kutchalitchiko.